Madzi a Mawa

Kapitawo Ilídio ananena mawu aja anthu akupuma pamthunzi wa khoma latsopano. Anati mawa ndi pa 7 Abrili, tsiku la amayi, feriyado, ndiye kuti tchuthi cha boma, choncho ntchito kulibe. Kenaka anawonjezera mopepuka, ngati akunena za mitambo, kuti tsiku lopanda thukuta ndi lopanda ndalama, ndipo pakutha pa mwezi tsikulo lidzadulidwa pamalipiro.

Pakati pa omvera panali Zeferina. Iye anali mmodzi mwa amayi otunga madzi pantchito yomanganso sukulu ina kufupi ndi Fíngoè, sukulu imene nkhondo inaisiya yopanda denga, mitengo itamera m'makalasi. Kampani ina yochokera ku Tete ndiyo inamulemba ntchito ya pamwezi. Mwamuna wake anatsala m'nkhondo momwemo, ana atatu anali pakhosi pake. Kwa ena tsiku limodzi n'kanthu kochepa. Kwa mayi wotere tsiku limodzi ndi sopo, ndi mchere, ndi kope la mwana. Amene analerapo yekha ana safuna kumufotokozera zimenezi.

Komatu tsiku limeneli silinali ngati masiku ena. Zaka zonse zimene anakhala kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia, Zeferina ankaima pamzere wa chimanga maso ali otseguka koma mtima uli kwawo. Ankaona bwalo la ku Fíngoè, amayi atavala zitenje zofanana, zija amati makapulana, fumbi likukwera lofiira ngati utsi wa m'mawa, ng'oma zikumveka kutali ngati zili pansi pa madzi. Pakati pa gulu ankaona malemu mayi ake akuvina, mpango utapendekeka. Mzere ukasuntha, maloto ankaduka. Pobwerera kwawo anagula kapulana imodzi yobiriwira, ya mbalame zachikasu, naiika pansi pa thumba. Sanaivalepo. Inkadikira pa 7 Abrili.

Tsono achite bwanji, avine ana asowe sopo?

Nzeru inamubwerera kuchokera kumsasa komweko. Kumeneko ankakhalira ganyu m'minda ya eni dziko, ndipo lamulo la ganyu aliyense amalidziwa: ukalima ndime ya mawa lero, mawa ndi lako. Anauza mnzake Georgina kuti atungiretu madzi a mawa. Georgina anaona kuti n'zomveka.

Anatsika kudambo, nakwera, natsikanso. Anadzaza migolo yonse, ngakhale wakale uja wadzimbiri umene unatayidwa kuseri. Anabwereka mitsuko kwa anthu oyandikana ndi sukulu. Dzuwa linapendeka, njira inayamba kuyandama pamaso pa Zeferina, ndipo madzi a m'chidebe ankalira pamutu pake ngati munthu akumunong'oneza. Khosi linauma ngati mtengo. Atamaliza anaitana kapitawo kuti adzaone.

Ilídio anayang'ana migolo, nayang'ana amayiwo, naseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Madzi a mawa? Ndiye mudyeretunso chakudya cha mawa, mayi, mugoneretu ndi tulo take. Kampani imawerenga masiku, siwerenga migolo."

Zeferina anatembenukira kumigolo. Mgolo wadzimbiri uja unali utayamba kale kudontha, madzi akulowa mumchenga mwakachetechete.

M'mawa mwake ng'oma zinayamba dzuwa lisanatenthe. Zeferina anatulutsa kapulana ija, naifunyulula, nainunkhiza, naipindanso. Anatenga chidebe ndi nkhata. Anaganiza zokakhala pachipata cha sukulu tsiku lonse, kuti wina amuone kuti anabwera, mwina tsikulo n'kuwerengedwa.

Asanatuluke pabwalo anakumana ndi Dona Eugénia, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene nkhondo isanafike anagwirapo ntchito pafabrika ya nsalu ku Chimoio. Anali atatchena kale, mpango utaima ngati tambala.

"Komadre mnzanga, chidebecho mukukavina nacho?"

Zeferina anafotokoza zonse, za kapitawo, za migolo, za khosi. Dona Eugénia sanaseke. Anamulanda chidebe, nachivundikira pansi, nakhalapo.

Anamufunsa ngati anamulemba ntchito ya pamwezi kapena amamupatsa ndime. Zeferina anati ya pamwezi. Anamufunsanso kuti watseka chipata lero ndani, iye kapena boma. Zeferina anati si iye.

"Ndiye mukudzilangiranji? Inu simulinso paganyu, komadre. Ganyu anatsala ku Zambia. Munthu wolembedwa ntchito, feriyado ikafika amapuma, ndipo malipiro ake sakhudzidwa. Si chifundo cha patarau, mwini kampani, ayi, ndi lamulo la ntchito."

Anamuuza kuti kufabrika kuja makina ankazima pa feriyado iliyonse, koma envulopu ya pakutha pa mwezi inkabwera yathunthu. Ndipo ngati panali ntchito yosadikira, amene anaitanidwa tsiku lotero ankalandira zowonjezera pamwamba.

Zeferina anakayika. Anati mwina zimenezo zinali za kale, za m'mizinda, osati za otunga madzi a kuno kutchire. Dona Eugénia anayankha kuti lamulo silifunsa ngati munthu amagwira makina kapena chidebe, ndipo ngati sakukhulupirira nkhalamba, akamve yekha kwa mwini nkhani. Kubwalo kukakhala Senyoro Benjamim, amene amaona nkhani za antchito ku administrasau, ofesi ya boma.

"Kavaleni. Mbalame zanuzo zatopa kukhala m'thumba."

Zeferina anavala.

Bwalo silinali lalikulu ngati la m'maloto ake. Makoma ena anali ndi mabowo a zipolopolo, ndipo makapulana sanali ofanana, aliyense anavala imene anabwera nayo kuchokera kumene anathawira. Koma fumbi linali lomwe lija. Ng'oma zitagunda, miyendo inakumbuka yokha. Anavina khosi likuwawa, mbalame zachikasu zikuuluka m'chiuno mwake, ndipo kwa kanthawi anaona ngati mayi wina wa mpango wopendekeka akuvina patsogolo pake. Sanamuthamangire. Anangotsata mapazi ake.

Gule atapuma, Dona Eugénia anamukokera kwa Senyoro Benjamim, bambo woonda wovala jekete lomukulira. Zeferina ankachita manyazi, koma Georgina anafika n'kulankhula m'malo mwa onse awiri, osasiya ngakhale za mgolo wodontha. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto. Anati Dona Eugénia sananame, ndipo mawa adzafika yekha pantchitopo. Anawalangizanso kuti nkhani yotere asamaisunge m'mimba kapena kuinong'onezana kudambo, azibwera nayo ku ofesi, makamaka ali awiri kapena atatu.

Anabweradi, panjinga. Anasonkhanitsa antchito onse, omanga, oponda matope, otunga madzi, ndi kapitawo yemwe. Sanakalipe. Ananena kuti masiku a feriyado amaikidwa ndi boma, ndipo wolemba anthu ntchito alibe mphamvu yodula malipiro chifukwa cha masikuwo. Anati wogwira ntchito pa feriyado chifukwa bwana wamuitana ayenera kulandira zowonjezera. Wina anafunsa za ganyu wa m'munda. Iye anayankha kuti ganyu wa ndime ndi pangano lina, mumagwirizana za ndimeyo basi, koma munthu amene walembedwa, amene amabwera tsiku ndi tsiku pa ola la bwana ndi kumvera malamulo a bwana, ameneyo ndi wantchito ndipo lamulo limamuteteza.

Ilídio anavula chipewa, nakanda m'mutu. Anati iye amangonena zimene anamuuza akuluakulu ake, ndipo kuyambira ali mnyamata ankadziwa kuti wosagwira sadya. Kenaka anafunsa motsitsa mawu:

"Ndiye kuti ngakhale ine, masiku aja anandidula aja...?"

"Ngakhale inu, a kapitawo."

Anthu anaseka, Ilídio nayenso anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwa dzana lija. Tsiku lomwelo iye ndi Senyoro Benjamim anatumiza uthenga kwa patarau ku Tete pa kamiyau, lole yobweretsa simenti.

Mwezi unatha. Zeferina analandira malipiro ake athunthu, tsiku la 7 Abrili lili momwemo. Anagula sopo, mchere ndi kope. Panalibe chodabwitsa, ndi zimene zinali zake kale. Khosi lokha ndilo linatenga nthawi kuti lipole, ndipo palibe amene analipira zimenezo.

Tsono mverani, inu amayi ndi abambo amene mwabwerera kudzamanga dziko lino. Ngati munalembedwa ntchito, tsiku la feriyado ya boma ndi lopuma ndipo ndi lolipidwa. Bwana sayenera kulidula. Akakuitanani kuti mugwire tsiku limenelo, akuwonjezereni. Akakana, musalimbane naye pachipata, ndipo musadzithyole khosi pofuna kugula chimene ndi chanu kale. Tenganani ndi anzanu, mupite kwa oona za antchito ku administrasau, mukafunse. Kufunsa sikuchotsetsa munthu ulemu.

Tsiku lolandira malipiro lija, mawa lake kunali pa 1 Mayu, feriyado inanso. Akuweruka, Georgina analoza mgolo wadzimbiri uja ndi mlomo, nafunsa ngati atungiretu.

Zeferina anatula chidebe, nachivundikira, nakung'untha nkhata yake.

"Asiyeni ali kudambo komweko. Mawa ndili ndi mbalame zofuna kuuluka."