Madzi Akuda a Kalongonda

Zaka zitatu zinatha Doris ndi mkulu wake Ireen osapatsana moni, chonsecho nyumba zawo, kuseri kwa msika wa Chonde, zinangolekanitsidwa ndi mzere wa nthochi. Nkhuku zawo zinkadyera limodzi popanda vuto. Kutchalitchi awiriwa ankakhala benchi imodzi, wina kothera uku, wina kothera uko, pakati pawo amayi anayi, ndipo nyimbo za chikondi ankaziyimba mokweza kuposa aliyense.

Mayi awo atamwalira, amalume anagawa katundu monga malemuwo ananenera. Ireen anatenga dimba la kumtsinje ndi mphika waukulu wadothi. Doris anapatsidwa munda wamiyala wa kumtunda ndi kathumba ka mbewu ya nyemba za kalongonda. Iye anaona kuti amudyera masuku pamutu, ndipo pa tsiku lometa ananena pamaso pa anthu kuti mkulu wakeyo anawanong'oneza mayi ali gone pamphasa. Doris ankamusowa mbale wakeyo, koma kupepesa kunkamulemera pakamwa.

Chaka chino chimanga cha Doris chinapserera, koma kalongonda, yemwe sadandaula za miyala, anabereka zochititsa kaso. Lamulungu la masika litayandikira, tsiku lija Akhristu amapita ndi zokolola kukathokoza Mulungu, amayi a mumpingo anagwirizana kuti aliyense abwerenso ndi chophika choti mpingo udyere limodzi. Doris anati iye aphika kalongonda, poti china analibe. Ananena izi monyinyirika, akuganiza za tomato ndi kabichi wa kudimba kwa mkulu wake.

Tsono kalongonda safuna munthu wothamanga magazi. Umamuwiritsa, n'kutaya madzi akudawo, kuthira ena, kuwiritsanso, tsiku lonse. Ukachita changu amazunguza mutu wodyayo. Doris zimenezi ankazidziwa ndi makutu okha, chifukwa kale ntchito yake inali kutunga madzi, ophika anali mayi ndi Ireen.

Loweruka m'mawa anatereka nyembazo m'sefuliya. Anataya madzi kawiri, n'kuona kuti zakwana.

"Bambo a Tamanda, talawani kuno," anaitana mwamuna wake.

Bryson, wothyola tiyi ku esiteti, sanakanepo chakudya chibadwire. Analawa mbale yathunthu. Pasanathe ola anali atakumbatira mtengo wa mapeyala, maso ali kuphiri.

"Mayi a Tamanda, phiri lija lasuntha," anatero mwaulemu wake wonse. "Komanso tagwirani nyumbayi, ikuzungulira."

Doris anachita mantha enieni. Ali mkati momupepesa mwamunayo, masamba a nthochi anagwedera, Ireen n'kutulukira, chitenje atamanga m'chiuno. Anayang'ana mlamu wake, anasuzumira m'sefuliya muja.

"Wataya madzi kangati?"

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba m'zaka zitatu. Doris anali atasunga mayankho ambiri okhadzula podikira tsiku ngati limeneli, koma onse anamuthawa.

"Kawiri, achemwali."

"Kawiri. Umafuna kupha alamu okha, kapena mpingo wonse?"

Ireen anamwetsa Bryson madzi ambiri, n'kumugoneka pamthunzi. Kenako anadutsanso nthochi zija, n'kubwera atasenza mphika wa malemu mayi. Sanapemphe chilolezo. Anakhuthuliramo nyemba zija, anasonkheza moto, n'kumupatsa Doris ndowa.

"Tiye kumjigo. Ntchito yako sinasinthe."

Choncho mng'ono ankatunga, mkulu ankapakula ndi kusenda makoko, ndipo madzi akuda bii ankathiridwa kudzala. Ulendo wachinayi Doris anatula ndowa msana ukuwawa.

"Kodi titaya kangati, achemwali?"

"Amayi sankawerenga. Ankangotaya mpaka madzi ayere."

Doris anakhala pansi pafupi ndi mafuwa. Utsi unamuthandiza, chifukwa misozi inali itayamba kale.

"Zija ndinanena tsiku lometa zinali zabodza. Nsanje inandigwira. Mundikhululukire."

Ireen anatakasa mumphika.

"Zinandipweteka, ndisaname. Ndakhala ndikupita kumgonero mtima uli wakuda ngati madzi awa. Inenso ndinalakwa, ndine wamkulu, ndikanabwera kalekale." Anagogoda mphikawo ndi mthiko. "Ukuuona uwu? Zaka zitatu wangokhala ukusunga madzi akumwa. Kudimba kuja kalongonda amawola. Ndikamadutsa kumtunda n'kuona wako akuyanga pamiyala, malovu ankadzaza m'kamwa."

Doris anayang'ana mphika, anayang'ana nyemba. Apa m'pamene anazindikira zimene mayi ake anachita. Wina anamupatsa mphika wopanda mbewu, wina mbewu yopanda mphika. Manyazi anamugwira, pamodzi ndi kuthokoza kumene anali asanakumvepo. Munda umene ankautukwana chaka ndi chaka ndi womwe unamubweretsera mbale wake pakhomo.

Dzuwa litapendeka madzi anayera. Ireen anathira mchere n'kupereka mbale kwa Bryson, yemwe tsopano anali atadzuka, phiri litabwerera pamalo pake.

"Ayi, alamu, yambani ndinu," anatero Bryson. "Ine ndalawa kale m'mawa."

Mawa lake mphika unapita kutchalitchi atagwirizira anthu awiri, wina uku wina uku, poti unali wolemera. Mkulu wa mpingo, polandira zopereka kutsogolo, anavundukula n'kumwetulira.

"Kalongonda ameneyu tithokoze ndani?"

"Muthokoze Mulungu, abambo," anayankha Doris. "Ophika ndi ana a malemu mayi Esther."

Pobwerera kukakhala, amayi anayi aja sanadikire kuuzidwa. Anangosendera kothera kwa benchi, n'kusiya malo a anthu awiri pamodzi.