Anati Sanadye

Achimwene ake a mphunzitsi anamenyetsa pepala la kuchipatala patebulo mpaka makapu anagwedera. Panali patangotha masiku atatu chiikireni maliro a bambo awo.

"Werenga, si ndiwe mphunzitsi? Unasainira wekha kuti bambo aziwotchedwa ndi magetsi m'mutu."

Mphunzitsiyo anawerenga ali chiimire. Bambo awo anadwala matenda a maganizo miyezi isanu, osayankhula, kudya kochita kukakamiza, kungoyang'ana khoma. Madokotala anati thandizo lotsala ndi la magetsi: amamugoneka munthu ndi mankhwala, kenako n'kudutsitsa magetsi pang'ono mu ubongo. Anachenjeza kuti wodwala azibwera asanalawe kanthu. Ulendo wachinayi bambo anasanza ali m'tulo ta mankhwala, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Pepalalo linkati m'mimba munali chakudya.

"Wowasamalira unali iwe," anatero achimwenewo. "Amene anawadyetsa ndiye anawapha, ndipo ine sindidzamuyankhulanso mpaka kufa."

Mtima wa mphunzitsi unawira. Munthu woti miyezi yonseyi ankangodwazika pafoni, lero ndiye wadziwa kuloza chala. Koma nayenso ankafuna womukalipira. Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Amayi anali khale pabedi, akupinda malaya a malemu.

"Amayi, ndinangotuluka mphindi khumi kukafuna galimoto. Munawapatsa chiyani?"

"Buledi ndi tiyi."

"Ndinakuuzani kangati? Kangati, amayi? Kodi ndinkayankhula ndi khoma?"

"Anati ali ndi njala, mwanawe. Miyezi isanu sanandipemphepo kanthu. Ndikanawamana bwanji?"

"Nanga namwino atafunsa? Ndinali pomwepo ine. Bambo anati sanadye."

Amayi anasalaza kolala ya malaya ndi chikhatho.

"Atamva hutala ya galimoto anakankhira kapu kunsi kwa bedi, n'kupukuta pakamwa. Anati, 'Usanene, mwanayu angakukalipire.'"

Ukali unali udakadzadza pachifuwa pa mphunzitsi, koma anasowa poutula. Anakwiyira amayi, anakwiyira bambo, anakwiyira pakamwa pake pomwe, poti m'nyumba monse ankapaopa chonchi.

Achimwene anagogoda ndi chibakera.

"Mukunong'onezana chiyani mmenemo? Ndikuti ndani anawadyetsa?"

Amayi anaika malaya pambali, nayamba kudzuka. Iye anawagwira paphewa n'kuwakhazikanso pabedi. Kenako anatsegula chitseko.

"Ndinawapatsa ndine, achimwene," anatero. "Amayi sankadziwa."