Paipi Imene Lindsay Anapinda

Noeleen Treloar anaimva galimoto ya mlamu wake isanaoneke. Inkakhosomola pachipata cha nkhosa, monga inkachitira Lachiwiri lililonse chimwalirireni mwamuna wake, Lindsay. Anapukuta manja pa ovololo, n'kukankha zitseko za shedi kuti dzuwa la m'mawa ligwere pa ndege.

Inali ndege yaing'ono ya anthu awiri. Lindsay anaipangira m'shedi momwemo kwa zaka khumi ndi chimodzi, akapeza mpata pakati pa kumeta nkhosa ndi kukolola tirigu. Mtima wake unaima ntchito itatsala pang'ono kutha. Noeleen, amene anaphunzira kuulutsa ndege ku Narromine ali mtsikana, anamaliza zotsalazo yekha, ndipo anali atatsimikiza kuti woyamba kuiulutsa adzakhala iye.

Koma opanga ndege zawozawo ali ndi mwambo: diso la mwini siliona cholakwa, uitane la mnzako. Diso limenelo linali la Merv, mkulu wake wa Lindsay, amene anakalambira pa ntchito yokonza ndege zopopera mankhwala m'minda.

"Mlamu, mwaphika kapena ndibwerere?" anafuula akutsika.

"Masikono alipo, koma muyambe mwagwira ntchito. Mimba imeneyo siingaphwe ndi ola limodzi."

Merv anaseka, n'kutenga tochi ndi kagalasi kosuzumirira m'makona. Anazungulira injini pang'onopang'ono, akugwedeza waya apa, akuyesa nati apo. Kenako anaima. Kuseka kuja kunatha.

Anali kuyang'ana paipi yowonda ngati chala. Inkachokera kumbuyo kwa injini, pa kachipangizo kotchedwa gavanala, n'kukwawa pansi pa masilinda mpaka kutsogolo. Ndiyo inkapititsa oilo ku pulopela, kuti zikupizo zake zizitembenuka, zizigwira mphepo yambiri kapena yochepa. Lindsay anaipinda Loweruka lake lomaliza. Noeleen ankakumbukabe mmene anamuitanira kuchoka kochapa, akuimba mluzu nyimbo ya kutchalitchi moiphonyaphonya: "Bwera udzaone, mayi, yalowa ngati inabadwira momwemo!" Lolemba lake anagwa m'khola la nkhosa.

"Iyi ichoke," anatero Merv.

"Yalakwa chiyani?"

"Ndi ya aluminiyamu. Injini ikamanjenjemera, aluminiyamu amatopa mwakachetechete. Tsiku lina amangong'aluka apa, pakhosi pa nati. Oilo yense pagalasi lakutsogolo, inu osaona kanthu, injini n'kuuma muli m'mwamba."

"Lindsay sanali chitsiru."

"Anali chitsiru kuyambira tili ana, mlamu. Chitsiru cha manja abwino."

"Ndiye ipimeni. Ngati ili ndi mng'alu ndiwuone ndi maso angawa."

Anaimasula. Merv anaipaka mankhwala ofiira amene amalowa mumng'alu ngakhale wochepa bwanji, anaipukuta, n'kuiwaza ufa woyera. Anadikira. Padenga zinkhwe zinkakangana. Ufa unakhalabe woyera mbee, popanda ngakhale kadontho.

"Mwaona?" anatero Noeleen.

"Ndaona. Chikomekome cha mkuyu."

"Mkuyuwo mwaung'amba. Nyerere zili kuti?"

"Zili m'njira." Merv anaika paipi patebulo mosamala. "Ntchito yokongola kuposa iyi sindinaionepo. Koma ichoke basi. Ndege ndi yanu, sindingakumangeni miyendo. Kungoti mukaibwezeramo, tsiku loulukalo musandiitane."

Noeleen anatuluka m'shedi. Anapita kukhitchini, naika ketulo pamoto mwaukali mpaka madzi anatayikira pambali. Zonse za Lindsay zinkachoka chimodzichimodzi. Nsapato zake anapereka kutchalitchi. Galu wake tsopano ankatsatira mwamuna wa pafamu yoyandikana nayo. Ngakhale fungo lake linali litatha m'jekete imene inali kuseri kwa chitseko. Chimene ankafuna chinali chaching'ono: kukwera kumwamba kamodzi, oilo akuyenda m'njira imene zala za mwamuna wake zinakonza. Kodi zimenezo zinali zambiri?

"Ambuye," ananong'ona, "mukundidziwa kuti ndine wouma mutu. Ndithandizeni."

Atadzutsa maso anaona m'shedi kudzera pawindo. Merv anali atavula chipewa. Ananyamula paipi ija ndi manja onse awiri, akuyendetsa chala chake chotupa ndi nyamakazi pa mapindiko ake, limodzi ndi limodzi, monga munthu wowerenga kalata. Kenako anapukuta nkhope ndi chipewacho, n'kuyang'ana kunyumba mwamanyazi ngati wakuba.

Noeleen anachoka pawindo kuti asamuone. Miyezi yonseyi anthu ankabwera kudzapepesa mkazi wamasiye. Sanakumbuke ndi mmodzi yemwe amene anafunsa Merv kuti akugona bwanji. Ngakhale iye mwini sanamufunsepo.

Anathira tiyi, wa Merv shuga masupuni atatu ngakhale dokotala anamuletsa, n'kubwerera kushedi.

"Tikaichotsa, tiikamo chiyani?"

Merv anapita kugalimoto. Kuseri kwa mpando anatulutsa zinthu ziwiri zokulunga m'nyuzipepala yofiirira ndi fumbi: paipi yofewa yokutidwa ndi chikopa chosagwira moto, ndi mipaipi iwiri yowongoka ya chitsulo chosachita dzimbiri.

"Munabwera nazo kale?"

"Zakhala mmenemo kuyambira Julayi. Paipi ya Lindsay ndinaiona Lachiwiri loyamba lomwe lija."

"Osandiuza?"

"Munali musanayambe kudya bwino, mlamu."

Noeleen anatenga paipi yofewayo, n'kuitembenuza m'manja.

"Yofewayi siivuta," anapitiriza Merv. "Tingoimanga, pofika nkhomaliro tatha. Koma imakalamba, pakapita zaka muisinthe, ndipo imadzipezera njira yakeyake. Yachitsuloyi ndi yamakani. Kuipinda n'kulimbana nayo. Koma ikalowa yalowa."

"Ingatsate njira yomweyi?" Noeleen analoza paipi ya Lindsay.

"Pindiko lililonse, ngati woipinda ali wodekha. Ine manja anga ndi awa." Anawatambasula. Zala zinali zokhotakhota ngati mizu.

"Bweretsani chopindira."

Anagoneka paipi ya Lindsay patebulo kuti ikhale chitsanzo. Yoyamba Noeleen anaiwononga: anakoka mwaphuma, chitsulo n'kufinyika pakona.

"Ndi chifukwa chake ndinagula iwiri," anatero Merv akutafuna sikono. "Banja lino ndimalidziwa."

"Khalani chete, nkhalamba inu, mukundimwazira nyenyeswa pa ntchito."

Yachiwiri anaigwira mofatsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankapinda pang'ono, n'kuyerekeza, n'kupindanso. Pa kona yachitatu anadabwa: paipi ya Lindsay inkapatuka pang'ono popanda chifukwa chooneka. Atasuzumira mu injini anamvetsa. Lindsay anasiya mpata woti dzanja laling'ono lilowe ndi sipanala. Dzanja lake linali lalikulu ngati fosholo, silikanakwana pamenepo ngakhale pang'ono. Mpatawo anasiyira mkazi wake. Noeleen anapinda chitsulo chimodzimodzi, osauza munthu.

Dzuwa litapendeka anailowetsa. Manati anagwira ndi zala zokha, popanda kukakamiza, ndipo Merv anagwedeza mutu movomereza. Anamanga manati achitsulowo mbali zonse, naika timakilampu tiwiri ta mphira m'kati togwira paipi kuti isanjenjemere. Atatero anakankhira ndege panja, namanga mchira wake kumtengo.

Noeleen anakwera. Injini inatsokomola kawiri, n'kugwira. Oilo atatentha anakoka kachogwirira kabuluu kowongolera pulopela. Kulira kwa pulopela kunatsika, kukhala kwakuya ngati ng'ombe yaikulu, ndipo atakabweza kunakweranso. Tirigu wa kuseri kwa shedi anagona ndi mphepo. Atazimitsa, Merv anapisa nsalu yoyera pansi pa manati onse, n'kuikweza m'mwamba. Inali youma.

"Ndiiulutsa Loweruka m'mawa, mphepo isanadzuke," anatero Noeleen akutsika. "Mubwera?"

"Kukakhala masikono."

Merv atasonkhanitsa zida zake n'kukwera galimoto, Noeleen anatenga paipi ya aluminiyamu ija. Anaipukuta ufa wonse mpaka inawala. Anali ataganiza zoipachika m'chipinda chake, pamwamba pa bedi. Anaigwira kanthawi, ikadali yofunda ndi dzuwa la patebulo, kenako anaipisa pawindo la galimoto.

"Tengani. Kuno ingondisokoneza."

"Mlamu, imeneyi ndi yanu."

"Ine ndili ndi ndege yonse."

Merv anailandira. Anachotsa zipepala ndi zingwe pa mpando wa pambali pake, nayalapo juzi yake, n'kugonekapo paipiyo. Anachoka pang'onopang'ono kuposa masiku onse, akuzemba maenje a mumsewu, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina lili pa mpando uja.