Sizasi Pambale

Mayeso a mpikisano wa masamu wa ana asukulu a maiko makumi anayi ankalembedwa pa intaneti, kuyamba teni koloko, kutseka wani koloko. Wokhoza bwino akanakapikisana kunja. Mu Zomba monse anafika pamenepa ndi Benedicta yekha, mtsikana wa folomu 3 wa ku Chinamwali. A Alufandika, mphunzitsi wake, anali atamusula miyezi isanu ndi itatu, ndi Loweruka lomwe.

Koma ahedi a pasukulu yawo ku Mtiya, eee, munthu wokonda zooneka! Anadzutsa tenti, anabwereka mipando, laputopu yolembera mayeso n'kuimanga riboni yofiira ngati mphatso ya paukwati. Akuti mayeso a dziko lonse lapansi sangangoyamba chiyambeyambe, awatsegule ndi wapampando wa bodi ya sukulu. A Alufandika anapatsidwa ntchito yaulemu, yonyamula sizasi pambale.

Teni koloko inakwana wapampando akadali pamwamba pa phiri la Zomba, kumsonkhano wa kuhotela.

"Ahedi, nthawitu yayamba kutha," a Alufandika ananong'ona.

"Adikire eni mayesowo, kuno tili ndi mwambo wathu," anayankha ahedi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nkhono yake iti! Kwaya inaimba mpaka nyimbo kutha, n'kuyambiranso. Benedicta ankadikira, pensulo m'manja, maso pa riboni. A Alufandika ankafuna kungoidula okha riboniyo, koma akakumbukira mnzawo amene anachotsedwa ntchito chaka chatha chifukwa chotsutsa ahedi pagulu, ankangogwiritsa mbale ija.

Wapampando anatulukira thwelofu koloko akutokosa m'mano. Analankhula mphindi makumi anayi, ndipo mopanda manyazi n'komwe analangiza ana kuti masamu amaphunzitsa munthu kusunga nthawi. Anthu anawomba m'manja. Kenaka wapampando uja anatola sizasi pambale, n'kuima kaye kuti wojambula apeze mbali yabwino ya nkhope yawo asanadule riboni.

Mtsikanayo anatsala ndi mphindi makumi awiri pa mafunso anayi. Loyamba analimaliza. Ali mkati mwa lachiwiri, mayeso anatsekeka.

"Wawina?" anafunsa wapampando, pakamwa pali fanta.

Mwambo utatha, a Alufandika anamupeza Benedicta pamsewu akudikira kabaza. Apa ndiye kukamwa kwawo kunatseguka.

"Mbuzi za anthu! Ahedi amenewa mutu mulibe kanthu. Nanga chimkulu chija, kubwera chitakhuta kudzatiphera tsogolo la mwana! Ine ndinanenatu, Benedicta, unandimva ndikunena."

Benedicta sanalire. Anaika pensulo m'chikwama, anakwera pakabaza, n'kukonza siketi yake bwinobwino.

"Ndinakumvani, aphunzitsi," anatero. "Koma sizasi inali ndi inu."