Sokosi ku Dzanja Labwino

"Zitatu zokha," anatero adokotala a fizo, olimbitsa ziwalo, akusuzumira m'kapu. "Mwezi watha munatola zitsekerero za mabotolo zinayi n'kuponya m'kapumu, bambo. Tikubwerera m'mbuyo."

Bambowo, omwe anali telala asanagwidwe sitiroko, anangoyang'ana dzanja lawo lamanja lili lende patebulo. Mwana wawo wamkazi anali atawapukuta kale thukuta. Kunyumba ankamutcha Phuma, chifukwa munthu asanamalize kupempha madzi, iye amakhala atabwera nawo.

"Kunyumba amawadyetsa ndani?" anafunsa adokotalawo.

"Ine," anayankha Phuma akukweza khanda lake kumsana. "Kuwasambitsa, kuwaveka, kuwameta ndevu, ine ndemwe. Dzanjalo ndimalisisita ndi mafuta m'mawa ndi madzulo. Sagwira ngakhale supuni."

"Vuto lake ndi limenelo, mayi."

Phuma anamva kutentha kumaso. Miyezi iwiri yathunthu osapita ku ntchito yake ya ku saluni, lero vuto akhale iye?

Adokotalawo anakoka mpando n'kukhala pafupi. "Si za m'mutu mwanga izi. Ofufuza anatsata anthu ambirimbiri odwala ngati bambowa. Ena ankangowasisita ndi kuwawongola manja. Ena ankawatsekera dzanja labwino maola angapo pa tsiku, kuti lofookalo lizigwira ntchito zenizeni, mobwerezabwereza. Achiwiriwa ndi omwe dzanja linkabwerera msanga. Bambowa zala zikugwedezeka, ndiye njirayi ikuwayenera. Koma tikataya miyezi yoyambirirayi, dzanjali litha kuzolowera ulova mpaka kalekale."

"Ndiye ndizingowaonerera akuvutika?"

"Muzikhala pafupi kuti asagwe. Manja anu okha ndi amene apite kutchuthi."

M'mawa mwake Phuma anatenga sokosi yochindikala ya mwamuna wake n'kuwaveka bambo ake ku dzanja lamanzere. Anaika tiyi wozizirako patebulo, m'kapu ya pulasitiki, theka lokha. Kenako anakhala pampando n'kukhalira manja ake.

Zala za bambowo za ku dzanja lofooka lija zinafika pa kapu, zinaterereka. Zinafikanso. Kapu inadzuka pang'ono, n'kupendekeka, tiyi yense pa thalauza.

Nthawi yomweyo azakhali ake, mlongo wawo wa bambowo, analowa ndi jumbo ya malalanje. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Iwe Phuma! Sokosi kumanja? Mapazi awo asamukira kumeneko?"

"Ndi mankhwala, azakhali."

"Mankhwala a ku chipatala chiti? Munthu anakulera ndi mashini osokera, lero wam'manga ngati wakuba! Anthu akaona aziti chiyani?"

"Anthuwo sadzabwera kudzawamwetsa tiyi zaka khumi zikubwerazi," anatero Phuma. Sanadzuke. Anangoyang'ana bambo ake atanyowa ngati mwana.

Azakhali anaponya jumbo pasofa n'kugwira sokosi ija kuti aivule. Bambowo anabweza dzanja n'kulibisa kukhwapa.

"Siya... mlongo," anatero movutikira, pakamwa patakhotera mbali imodzi. "Iwe... uli ndi ako... awiri."

Azakhali anatsonya, koma anakhala pansi.

Bambowo anatembenukira kwa mwana wawo n'kuloza kapu ndi chibwano.

"Thira... wina."

Phuma anadzuka, anathira tiyi mpaka theka, n'kuika kapuyo patali pang'ono ndi pomwe inali poyamba. Thalauza lonyowalo analisiya choncho. Masana anaimbira foni mwini saluni kuti Lolemba ayambiranso ntchito, koma aziweruka dzuwa lili pamutu.