Foni ya Dalaivala Inkalira kwa Lufina

Sungani anafika pa Tsangano dzuwa litakwera, laputopu ili m'chikwama kumsana. Eni depoti ya kachewere anamuitana chifukwa mafoni amene iye anawalumikizira ankavuta. Pakhoma la ofesi panali kabokosi kamene kankalandira nambala yaifupi n'kuisandutsa nambala yonse ya munthu wofunidwayo. Ukadina 21, foni ya dalaivala wa lole inkayenera kulira.

"Tikadina, amayankha ndi mzimayi," anatero a Maliro, oyang'anira depotiyo. "Timaganiza kuti ndi mkazi wake, ndiye timangosiya uthenga."

"Uthenga wotani?"

"Woti tikudikira pamalo pomwe paja, asachedwe."

Sungani analumikiza chingwe ku kabokosiko natsegula pamene analemba malamulo a kaimbidwe. Sanachedwe kuona vuto. Manambala awiri omalizira a dalaivala anawalemba mosemphanitsa. Anali asanakonze pamene chitseko chinamenyedwa ndi phazi mpaka kugubuduka.

Analowa bambo wamtali wa imvi, atavala jombo zakale za kumigodi ya ku Joni. Dzanja lina ananyamula mpini wa khasu, linalo ankakoka mzimayi amene diso lake linali litatupa mpaka kutsekeka. Magazi anali ataumira pabulauzi.

"Amene amaitana mkazi wanga kuchokera muno ndani?"

"A Lazarus, khalani pansi kaye," anatero a Maliro akuimirira.

Mpini unawapeza a Maliro pakamwa. Anagwera pamatumba, mano awiri n'kugwa pasimenti. Mzimayi uja anakuwa, mwamuna wake n'kumukankhira kukhoma.

Sungani anacheuka. Zenera linali lotsegula kumbuyo kwake ndipo akanatha kudumpha, koma anaona foni itatulukira m'thumba la jekete la a Lazarus, nazindikira kuti inali ya mzimayiyo, imene mafoni aja ankafikira.

"Bambo, palibe chibwenzi apa. Ndine ndinalakwitsa nambala m'makinawa. Mayiwa sadziwa kanthu."

"Ndiwe eti?"

Sungani anatchinga mutu ndi mkono. Anamva fupa likuti thyo, ululu n'kumukwera mpaka m'khosi. Kachiwiri mpini unagwera laputopu, kachitatu m'nthiti. Anagwa chagada akusowa mpweya, jombo ikumupondaponda pamimba.

Apo onyamula matumba anathamangira mkati. Anamugwetsa mkuluyo namukokera panja, ndipo anthu a pamsika atamva phokoso anabwera ndi miyala ndi zibonga. Mphumi ya a Lazarus inang'ambika. Wina ankakuwa kuti abweretse petulo.

Sungani anakwawa mpaka patebulo, anakoka foni ya ofesi ndi dzanja lamanzere nadina 21.

"Tamverani!" anakuwa a Maliro pakhomo, magazi akuchucha pachibwano. "Tamverani m'thumba mwakemo!"

Foni ya mzimayi uja inalira m'jekete la mwamuna wake. A Maliro anafotokoza mwachibwibwi kuti makina ndiwo ankatumiza mafoni a dalaivala kwa mayi wosalakwa. Anthu anayamba kutsitsa miyala, ngakhale mmodzi anamuponyabe chibakera chomaliza. A Lazarus anakhala pafumbi akuyang'ana foniyo mpaka inasiya kulira. Apolisi atafika anawanyamula osalimbana nawo.

Mkono wa Sungani unakhala m'pulasitala nyengo yonse yokumba kachewere. Nambala ija anaikonza mnzake wa kuntchito, iye akumuuza pafoni podina. Atachira anafunsafunsa, namva kuti mayi uja, Lufina, anabwerera kwa alongo ake ku Mlangeni. Sungani anakwera minibasi atanyamula shuga ndi sopo.

Anawapeza akusankha nyemba pakhonde. Diso linali litaphwa koma silinkaona bwino. Sungani anagwada napepesa.

"Dzukani, achimwene," anatero Lufina. "Inu munalakwitsa nambala, n'zoona. Koma dzino ili ndilibeli analigulula chaka chatha, mafoni anu asanabwere."

"Komabe ndikanayesa makinawo tsiku lomwelo."

"Mukanayesa, inde."

Analandira sopo, shuga n'kumubwezera kuti akapatse a Maliro, poti anamva kuti mpaka pano amangodya phala. Kenako anamuuza kuti afulumire, poti mvula ikayamba minibasi za ku Ntcheu zimasowa. Sungani anatsazika natsetsereka kulowera kumsewu, mitambo itada kale kumapiri.