Devota ndi Sitima ya Amayi Ake

Bodza limene anamuuza Devota linali laling'ono, lachifundo, la mtundu umene akuluakulu amauza ana mosaganizira n'komwe. Mayi ake atamwalira ku Liuli, m'dziko la Tanzania, azimayi a pamaliro anamutengera kwa aneba kuti asaone bokosi, ndipo atafunsa anangoti, "Amayi ako akwera sitima, akukagula katundu. Abwera." Mwanayo anali ndi zaka zisanu. Ife akulu timakonda kudzinamiza kuti ana sachedwa kuiwala, ngati kuti ifeyo tinawaiwala amayi athu.

Abale sanapezeke, poti malemuwo anachokera ku Malawi ali okha. A ku ofesi yoona za ana ku Mbamba Bay anapempha Anjelina, wogulitsa usipa wouma pamsika, kuti ayambe wamusunga, chifukwa naye anali wa ku Malawi ndipo akanamvana ndi mwanayo. Anjelina anali atalera ana anayi mpaka kukula, ndiye za ana ankati palibe womuphunzitsa. Bodza lija analilandira pamodzi ndi kachikwama ka zovala, n'kupitiriza pomwe anzake analekezera.

Tsoka ilo, nyumba yake inali kumtunda kwa doko. Sitima ikangolira, Devota ankasiya chilichonse, kaya ndi phala kaya ndi kusamba, liwiro la kudoko. Ankaima pampanda n'kumayang'ana nkhope za otsika mmodzimmodzi mpaka womaliza. Kenako ankabwerera osalira, n'kukadzipanikiza kuseri kwa chitseko, chakudya osachikhudza. Anayambanso kukodza pogona. Anjelina anayesa mandazi, anayesa nsapato zatsopano, anayesa kukalipa, kenako n'kumadzida yekha chifukwa chokalipira mwana wamasiye.

Mayi Theodora a ku ofesi kuja atabwera kudzawaona, anamvetsera zonse n'kupukusa mutu. "Pole, pepani mama. Koma muuzeni zoona. Mwanayu akuganiza kuti mayi ake amadutsa pano koma safuna kutsika kudzamutenga."

"Ndimuuze bwanji, achemwali? Kwathu mwana sauzidwa za maliro, ndipo kumanda sapondako."

"Ndikudziwa. Komabe muuzeni."

Anjelina anazengereza milungu itatu. Loweruka lina anakwera basi ndi Devota mpaka ku Liuli, n'kumuimika pamtumbira umene mtanda wake unali utayamba kale kupendekeka. Mawu anawakonza njira yonse, koma pofika apo anangotsala ochepa. "Amayi ako sanakwere sitima, mwanangu. Anadwala, anamwalira. Agona apa. Sabweranso."

Devota anayang'ana dothilo nthawi yaitali. "Inu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Masiku onse aja?"

Pobwerera m'basi mwanayo anakhala chowongoka, osatsamira munthu.

Lachitatu sitima inalira. Devota sanasunthe pakhonde, ndipo mtima wa Anjelina unakhala pansi pang'ono, nati mwina zatheka. M'mawa mwake anamanga chitenje, anasenza dengu la usipa, n'kumusiya mwanayo ndi mkazi wa Fexon, neba wawo, monga mwa masiku onse. Asanatuluke pageti anamva chitenje chikukokedwa. Timanja ta Devota tinali titagwira zolimba.

"Ndikungofika pamsika pompa, Devota. Ndibwera masana."

"Amayinso munkati abwera."

Anjelina anatula dengu. Anafufuza mumtima mawu ena oti amulonjeze nawo, mawu amene bodza lija silinawadetse, koma onse anali omwe aja. Mantha anamugwira, mayi wa ana anayi, chifukwa anaona kuti panalibenso chimene akananena choti mwanayu n'kuchikhulupirira. Anangokhala pansi pafumbi pomwepo, mwana atagwirabe chitenje, anzake a pamsika akudutsa ndi madengu awo.